Masiku asanu m'galaja ya ku Booysens

Agogo anga sanachulutse mawu tsiku limene ndinkanyamuka. Anandigwira dzanja pakhonde la nyumba yawo ku Chiradzulu n'kundiuza kuti, "Ukamuuze malume ako kuti maso anga ayamba kuchita nkhungu. Ngati akufuna ndidzamuone nkhope, abwere ndikadaona." Kenaka anandipatsa kajumbo ka usipa wouma ndi kabotolo ka tsabola wa kambuzi, ati mwina lilime lingamukumbutse zimene mutu waiwala.

Amalume anapita ku Joni zaka 11 zapitazo, ndipo chipitireni sanabwereko. Si kuti anatitaya ayi. Ndalama amatumiza mwezi ndi mwezi, theka la fizi yanga ya ku yunivesite linachokera m'thumba mwawo, ndipo pa WhatsApp sasowa. Koma nkhope yawo timangoionera pafoni. Ntchito yawo ndi yokonza magetsi a galimoto, makamaka galimoto zakale za ku Japan zothamanga zija, zimene eni ake amazisunga ngati chuma cha banja. Ine ntchito yanga ndi yolemba. Nditapeza tchuthi mu July ndinati ndipite ndikaone ndi maso anga chimene chinawagwira mwendo kumeneko, ndikatulenso uthenga wa agogo pamaso m'pamaso.

Msewu wa kumwera

Basi za ku Joni zimanyamukira pa Wenela mu Blantyre. Achinyamata ambiri timangodziwa kuti ndi dzina la depoti, koma linachokera ku Witwatersrand Native Labour Association, bungwe limene linkalemba amuna opita kukagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Agogo anga aamuna anali mmodzi mwa iwo. Ndiye kwathu nkhani yodikirira munthu amene ali kumwera sinayambe ndi amalume.

Tinatuluka pa Mwanza n'kulowa Mozambique pa Zobue, tinawoloka Zambezi pa Tete dzuwa likuswa mtengo, kenaka tinalowa Zimbabwe pa Nyamapanda. Harare tinaidutsa usiku. Pa Beitbridge m'pamene ndinaphunzira kuima pamzere: kutsika, kudinditsa pasipoti, kutsitsa katundu yense, kumukwezanso, kudikira wina amene watsalira. Mayi amene ndinakhala naye mpando umodzi ankapita kukaoda zofunda, ndipo iye ankangogona ngati ali pabedi pake. Titawoloka Limpopo, msewu wa N1 unatitenga kudzera ku Musina, Polokwane ndi Pretoria mpaka pa Park Station mu Johannesburg, patatha pafupifupi masiku awiri.

Chinayamba kundilonjera ndi chisanu. Mzindawu uli pamalo okwera mamita oposa 1,700 ndipo July ndi pachimake pa kuzizira. Ndinkadziyesa katswiri wa chiperoni, koma mphepo ya kumeneko ndi youma, imalowa m'mafupa n'kung'amba milomo. Amalume ndinawazindikira ndi kayendedwe kawo, osati nkhope. Anali mu ovolosi ya buluu ndi chipewa chaulusi, imvi zitatuwa m'ndevu.

"Mphwanga, ndiwe wakula chonchiyu?"

"Ndine ndithu, malume. Koma inunso zaka zakuyenderani."

Anaseka, nandilanda chikwama. Za uthenga ndinati zidikire kaye. Munthu sumuyamba ndi nkhani yolemera pa depoti.

Booysens

M'mawa mwake tinakwera minibasi kupita ku Booysens, kumwera kwa tauni. Ngati munafikako ku Biwi ku Lilongwe, ingoganizani Biwi wamkulu, wa nyumba za njerwa ndi mageti achitsulo. Uku ogulitsa matayala, uku owotcherera, uku ophwasula galimoto zangozi n'kumagulitsa chimodzichimodzi. Patali mumaona milu ya dothi lachikasu limene linatsala pokumba golide. Fungo lake ndi la oyilo, penti ndi tchipisi.

Galaja imene amalume amagwirako ilibe chikwangwani chachikulu. Mkati muli anthu asanu: mwini wake, mnyamata wa ku Zimbabwe wowongola mabodi, bambo wa ku Tete amene amalankhula Chinyungwe ndipo timamvana bwinobwino, makaniko wa injini, ndi amalume pakona pawo pamene papachikidwa mawaya amitundumitundu ngati mikanda. Tsiku limenelo munali Mazda RX-7 yopanda mipando, Toyota Celica yokwezedwa pa majeki, ndi Nissan Skyline yofunditsidwa nsalu. Amalume anandiuza kuti galimoto zakale zimakhalitsa ku Joni chifukwa mpweya wake ndi wouma ndipo nyanja yamchere ili kutali. Zochokera ku Durban zimabwera dzimbiri litadya pansi ponse.

Kumapeto kwenikweni kunali galimoto yomwe inatidyera sabata yonse: Datsun 240Z ya 1972, ya mtundu wa lalanje, boneti lalitali ngati bwato, mipando iwiri yokha. Inkanyezimira moti ndinkaopa kuipumira.

Makolo athu dzina la Datsun amalikumbukira ndi 120Y ndi mapikiapu onyamula chimanga. Koma kampani ya Nissan, imene inkagulitsa galimoto zake kunja ndi dzina limeneli, inatulutsa 240Z kumapeto kwa 1969. Ku Japan ankaitcha Fairlady Z. Amene anailimbikira kwambiri ndi Yutaka Katayama, mkulu wa Nissan ku America pa nthawiyo, yemwe ankafuna galimoto yothamanga komanso yokongola imene munthu wamba wapantchito angaikwanitse. Injini yake ndi ya masilinda 6 ondondozana, malita 2.4, yokhala ndi makabuleta awiri. Mbiri yake inafika ndi kuno ku Africa. Mu 1971 Edgar Herrmann ndi Hans Schuller anapambana nayo mpikisano wa East African Safari Rally, ndipo mu 1973 Shekhar Mehta, wobadwira ku Uganda, anapambananso limodzi ndi Lofty Drews. Galimoto ya 1971 ija ikusungidwa mpaka lero ku Zama, ku Japan, m'nyumba imene Nissan imasungiramo galimoto zake zakale. Chithunzi chake amalume anachimata pakhoma pamwamba pa benchi yawo, chitatuwa ndi fumbi.

Masiku ano galimoto zoterezi zikufunidwa kwambiri moti makampani ayambanso kupanga zipangizo zake zina. Nissan inayamba mu 2017 ndi za Skyline GT-R, Mazda chaka chomwecho inalengeza kuti iyamba kukonzanso ma Roadster oyambirira, ndipo Toyota inatsatira ndi zipangizo za Supra, 2000GT ndi AE86. "Zitsulo zikupezeka," anatero amalume. "Chimene sagulitsa m'shopu ndi kudekha."

Matenda ake

Mwini 240Z ija ndi bambo wa zaka za m'ma 60. Galimotoyo inali ya malemu bambo ake. Anatha zaka ziwiri akuikonzetsa: bodi anaichotsa dzimbiri n'kuipentanso, injini anaiphwasula n'kuimanganso, mipando anaisokanso. Ankafuna kupita nayo ku Cars in the Park, chionetsero cha galimoto zakale chimene chimachitika mu August ku Zwartkops, pafupi ndi Pretoria. Koma inali ndi vuto limodzi. Usiku ikayenda mphindi 20, nyali zakutsogolo zinkayamba kufooka, kenaka kuphethira, mapeto ake n'kuzimiratu, kwinaku mkati mukumveka fungo la pulasitiki wopsa. Tsiku lina zinamuzimira pamsewu waukulu ali ndi mdzukulu wake.

Kumene anayamba kupita anamugulitsa batire latsopano. Sizinathe. Anasintha aloteneta, anasintha mababu. Ndalama zinapita, mdima unatsala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kwa amalume ntchitoyi sinali yamasewera. Iwo amalipidwa akamaliza ntchito, osati pamwezi. Komanso mwini galaja anawauza kuti galimotoyo ikakaoneka bwino ku chionetsero, eni ma Datsun ena adzatsatira, ndipo ikakapsa, dzina limene lidzapse ndi lawo.

Tsiku loyamba sanagwire sipanala. Anachotsa waya wa ku negetivi pabatire, anayala pabenchi pepala lalikulu la mapu a mawaya, n'kuyamba kutsatira mizere ndi pensulo. Ine ndinatopa.

"Malume, bwanji osangolumikiza kompyuta ija ikuuzeni?"

"Iyi ilibe polumikiza, mphwanga. Galimoto za masiku ano zimadzinenera zokha pamene pakupweteka. Iyi ili ngati mwana wakhanda, umafunika kuifufuza wekha."

Ndiye anandikhazika pa kreti n'kundiphunzitsa. Magetsi amachoka pa pozitivi ya batire, amayenda m'waya, amadutsa pa switchi ndi pa fyuzi, amafika pababu. Koma babu silingayake ngati magetsiwo alibe njira yobwerera ku negetivi ya batire. Opanga galimoto sakoka waya wachiwiri wautali pa chinthu chilichonse. Amamangirira waya wakuda kuchitsulo cha bodi, ndipo bodiyo ndi imene imakhala njira yobwerera. Amisiri amati ethi.

"Anthu ambiri amafufuza njira yopita basi," anatero. "Yobwerera amaiwala."

Ndinawayang'ana. Iwo maso anali papepala.

Kuyeza, osati kulota

Tsiku lachiwiri anabwezera waya wa batire n'kutulutsa zida ziwiri zokha: tesita, kababu kokhala ndi waya ndi kachitsulo kosongoka, ndi kamita koyezera magetsi kamene amati multimeter. Ine anandipatsa kope kuti ndizilemba manambala.

Injini itazima, batire linaonetsa mavolti 12.6. Limenelo ndi batire lodzaza bwino. Atailiza, nambala inakwera kufika pa 14.1, kusonyeza kuti aloteneta ikutchaja monga mwa ntchito yake. "Awiri awa alibe mlandu," anatero amalume. "Anangowagula chabe." Kenaka anayatsa nyali n'kuyeza pababu penipeni. Panafika mavolti 10.4 okha.

"Chotsera, iwe wa ku yunivesite."

"Atsala 3.7, malume."

"Amenewo atayika panjira. Ntchito yathu ndi kupeza pamene akutayikira."

Njira yake ndi yosavuta kuimva koma imafuna mtima. Nyali zili chiyakire, umaika nsonga imodzi ya mita kumene magetsi akulowera pa chinthu, ina kumene akutulukira. Ngati polumikizira pali bwino, mita imaonetsa pafupifupi ziro. Ikaonetsa nambala yaikulu, ndiye kuti pamenepo pali chotchinga. Amalume anatsindika kuti kuyeza kumeneku kumachitika nyali zikuyaka. Waya amene watsala ndi kaulusi kamodzi ka mkuwa amaonetsa mavolti 12 bwinobwino ngati palibe chimene chikukoka magetsi. Ali ngati paipi yophwanyika: mpopi ukakhala wotseka sungadziwe, koma tsegula uone madzi akungodontha.

Wakuba woyamba tinamupeza m'kabokosi ka mafyuzi, kamene pa 240Z kali pakati pa mipando, kumunsi kwa wailesi. Mafyuzi ake ndi agalasi, ogwiridwa ndi timapanga tamkuwa. Timapangato tinali titabiriwira ndi ukalamba, ndipo pulasitiki wa pansi pake anali atayamba kusungunuka. Pamenepo pankatayika mavolti 1.1.

Apa m'pamene ndinamvetsa za mphindi 20 zija. Mababu awiri a mawati 55 amakoka magetsi pafupifupi maampu 9. Magetsi ochuluka choncho akamadzipanikiza pamalo akuda, malowo amatentha. Akatentha, kachitsulo kamafooka n'kuleka kugwira zolimba. Kakaleka kugwira, kutentha kumawonjezeka. Zimangopitirira choncho mpaka nyali kuzima kapena moto kubuka. Ndipo fyuzi siduka, chifukwa magetsi odutsa sanapyole muyezo, vuto ndi njira yothina. Choipa china, wina anali ataikapo fyuzi ya maampu 30 pamalo ofunika yaing'ono.

Amalume anapukusa mutu. "Kwathu timachita zoposa apa. Fyuzi ikaduka timaikulunga ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, kapena kumangapo kawaya. Fyuzi ndi mlonda. Ikaduka ikukuuza kuti kwinakwake kuli shoti. Iwe m'malo mofufuza wakuba, ukumanga mlonda pakamwa."

Wakuba wachiwiri anali m'switchi ya nyali, pa khosi la chiwongolero. Pa galimoto imeneyi magetsi onse a nyali amadutsa m'kaswitchi kameneko, ndipo atadutsamo zaka zoposa 50, timikuwa take tinali titada bii ngati pansi pa mphika. Pankatayika mavolti 1.2. Amalume anakamasulira m'beseni lopanda madzi, ati muli timasipuling'i tating'ono timene tikadumpha sungatipezenso. Anakhala maola atatu akupala timikuwa ndi sandipepa wosalala, osayankhula, wailesi ya mnyamata wa ku Zimbabwe ikulira chapatali.

Pofika madzulo a tsiku lachitatu, kabokosi ka mafyuzi katakonzedwa ndipo switchi itabwezedwa, pababu pankafika mavolti 12.4. Nyali zinawala ndithu. Mwini galaja anaomba m'manja, ati aimbire mwini galimoto. Amalume anakana. Pa kope langa panali patatsala volti imodzi ndi kanthu kosadziwika kumene kakupita, ndipo injini itatentha singano za pa dashibodi zinkanjenjemera.

"Ingoikani ma rileyi, zitheretu," anatero mwini galaja m'Chingerezi.

Rileyi ndi kaswitchi koyendetsedwa ndi magetsi ochepa, kamene kamalola magetsi ambiri kuchoka pabatire kupita kunyali mwachindunji osadutsa m'switchi yakale ija. Amalume anavomera kuti aika, koma pamapeto. Ati ukaika rileyi usanapeze gwero, nyali ziwala koma matenda atsala m'thupi, mawa adzatulukira pa mawaipa kapena pa geji ya mafuta.

Usiku wa ku Rosettenville

Amalume amakhala ku Rosettenville, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni ake. Muli bedi, sitovu ya mbale ziwiri, hita yaing'ono ndi shelefu ya mabuku a mawaya a galimoto. Usiku umenewo ndinaphika nsima ndi usipa wa agogo, ndinathirako kambuzi. Anadya mwakachetechete, thukuta lili pamphumi ngakhale kunja kunkazizira. Atasamba m'manja ndinati basi, nthawi ndi ino.

"Malume, agogo andituma. Akuti maso awo ayamba kuchita nkhungu. Akuti ngati mukufuna adzakuoneni nkhope, mubwere akadaona."

Anakhala nthawi akuyang'ana hita.

"Pafoni sanandiuze."

"Akuti za pafoni zimauluka ndi mphepo."

Anapumira m'mwamba. "Mphwanga, ndikafika ndi chiyani? Anzanga amene tinabwera limodzi anamanga nyumba zamalata, ena ali ndi maminibasi pamsewu wa Limbe. Ine ndalama zanga zinapita ku mafizi, ku feteleza, ku maliro. Chaka chilichonse ndimati chaka chamawa ndikapeza kenakake kooneka. Zaka zangodutsa. Anthu akandiona ndikutsika basi ndi kachikwama, adzati mtchona uja wabwera chimanjamanja."

Ndinalibe nzeru zowapatsa. Ndine mwana kwa iwo. Ndinangoti, "Agogo sanatchule malata. Fizi imene mukunenayo ndi ine ndakhala panoyu."

Sanayankhe. Anazimitsa getsi. Mumdima ndinawamva akutembenuka usiku wonse pamphasa imene anayala pansi, poti bedi anandipatsa ine.

Pansi pa penti

Tsiku lachinayi tinafika galaja isanatsegulidwe bwino. Amalume analiza injini, anayatsa nyali, n'kuika nsonga imodzi ya mita pa negetivi ya batire, ina pa waya wakuda wobweza magetsi a nyali. Pamenepo pamayenera kuoneka ziro kapena kanambala kosaposa 0.2. Mita inaonetsa 1.2.

Anatsatira waya wakudayo ndi zala, chagada pansi pa dashibodi, miyendo ili panja, ine nditagwira tochi. Anamupeza atamangidwa ndi bawuti ku bodi. Bawutilo linali lolimba, latsopano, lonyezimira. Aliyense woliona akanati pano palibe vuto. Atalimasula anandiitana.

"Taona."

Pansi pa waya panali penti yosalala bwino, yokhuthala, ya lalanje. Wopenta anagwira ntchito yake mokhulupirika, anapenta paliponse. Womanga mawaya anabwera pambuyo n'kumangirira ethi pamwamba pa pentiyo. Penti silola magetsi kudutsa. Magetsi onse obwerera ankadzipanikiza m'timizere ta bawuti basi, ndipo pamenepo pakatentha njira inkatsekeka. Ankatero akuluakulu kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kukonza kwake kunatenga mphindi khumi. Anapala penti mpaka chitsulo chinaoneka choyera, malo aakulu ngati ndalama yachitsulo, anaikapo kawashala ka mano, anamanga, n'kupakapo girisi pang'ono kuti dzimbiri lisalowe. Mita inatsika kufika pa 0.1. Pababu panafika 13.5. Singano za pa dashibodi zinaima njii. Kenaka anazungulira galimoto yonse kufufuza ma ethi ena, ndipo anapezanso awiri omangidwa pa penti, wina kumbuyo ku nyali za mabuleki.

Ma rileyi anawaika masana, pamalo obisika, osadula waya ngakhale mmodzi wa fakitale. Ati mwini wake kapena mdzukulu wake akadzafuna kuibwezera mmene inatulukira ku Japan, adzangozula mapulagi awiri. Nambala yomaliza imene ndinalemba m'kope inali 13.9.

Ndinawafunsa chimene ndingakauze anthu kwathu, oyendetsa ma Sienta, ma Vitz ndi ma Probox, amene alibe 240Z. Anati magetsi ndi amodzimodzi. Fyuzi ikaduka, ikani ya nambala yomweyo, ndipo ikadukanso musawonjezere nambala, pitani kwa wamagetsi. Pochotsa batire yambani ndi waya wa ku negetivi, pobwezera malizani ndi yemweyo. Mitu ya batire ikachita zoyerayera, itsukeni, ndipo muonenso lamba wa ethi wochoka pabatire kupita ku bodi ndi ku injini. Mukamva fungo la pulasitiki wopsa, imani, zimitsani. Ndipo mmisiri akakuuzani kuti mugule aloteneta kapena sitata, mufunseni mwaulemu kuti wayeza chiyani ndipo wapeza nambala yanji.

Pamsewu

Mwini galimoto anabwera tsiku lachisanu dzuwa litalowa. Poti mipando ndi iwiri, anauza amalume kuti ayambe kuiyesa ndi mlendo wawo, iye adikira. Ndinakhala pansi kwambiri moti ndinkamva ngati ndakhala pa phula. Injini ija ikalira, phokoso lake limamvekera m'chifuwa. Tinakwera msewu wa M2, nyumba zazitali za tauni zikuwala kumbali, nsanja ya Hillbrow ndi nyumba yozungulira ya Ponte zikuoneka patali. Amalume ankayendetsa modekha, maso pamsewu, khutu ku injini.

Mphindi 20 zinakwana. Ndinayang'ana wotchi, ndinayang'ana kutsogolo. Nyali zinali ngwee. Zinakwana 30, kenaka 40.

"Gwira pa kabokosi ka mafyuzi."

Ndinagwira. Panali pozizira.

Sananene kanthu, koma ndinawaona akumwetulira okha mumdima, kumwetulira kwa agogo kwenikweni, kokwezera mbali imodzi ya mlomo.

Titabwerera, mwini wake anakhala pa chiwongolero, anayatsa nyali kuloza kukhoma la galaja, n'kukhala choncho osanyamuka. Patapita nthawi anatiuza kuti bambo ake ankamutenga kusukulu pa galimoto yomweyo, ndipo anzake onse ankathamangira pampanda kudzaiona. Analipira osanenerera, n'kugwira amalume chanza ndi manja awiri.

Kubwerera

Pa Park Station amalume anandipatsa bulangete lolemera la agogo ndi envelopu. Basi ili pafupi kunyamuka anati, "Za maso a amayizo, tisamangoti ndi ukalamba. Mwina ndi ng'ala, ndipo ng'ala amachotsa. Ndidzapita nawo ndekha ku chipatala cha maso ku Queens akayezedwe. Ukawauze kuti December."

"December wa chaka chiti, malume?"

Anandiyang'ana ngati akufuna kukwiya, kenaka anaseka. Anatenga foni yanga, anapatuka pang'ono, n'kujambula mawu awo okha. Sindinamve zonse. Ndinangomva poyambira pamene anati, "Amayi, ndine," ndipo mawu anawathera kaye pakhosi.

Ku Chiradzulu agogo anamvetsera uthengawo katatu, foni ataigunditsa kukhutu. Sanalire. Anandifunsa kuti kwatsala masabata angati, ndinawawerengera. Kenaka anaitana mnyamata wa kwa aneba n'kumuuza kuti mawa abwere ndi makwerero, denga la kachipinda ka kuseri likudontha ndipo mvula ya December siichedwa.

Ngati amalume adzatsikedi basi pa Wenela, zidzaoneka nthawi ikakwana. Zaka 11 si masewera, ndipo malonjezo a ku Joni ambiri tinawamvapo. Kope lija ndalisunga, manambala ake onse ali momwemo kuyambira 10.4 mpaka 13.9. Sabata yatha ananditumizira chithunzi cha Datsun ija ili pakati pa zinzake ku Zwartkops, boneti lili chotsegula, anthu ataizungulira. Pansi pake analemba mzere umodzi wokha, wofunsa ngati mtengo wa mango wa kuseri kwa khitchini ukadalipo. Ndinapita kukaujambula, uli ndi maluwa.